Madzi Otsukira Galasi la Galimoto Akakana Kutuluka M'chisanu

Woyendetsa galimoto ku Lilongwe kapena ku Chipata sataya nthawi kuganizira za madzi otsukira galasi lakutsogolo. Akaona kuti atha amatsegula boneti, n'kuthira madzi a pampopi m'kathanki kake, mwina n'kudonthezeramo sopo pang'ono, ulendo n'kupitirira. Zimenezi zimayenda bwino chaka chonse, chifukwa m'madera ambiri kwathu kuno kuzizira sikufika poumitsa madzi, ngakhale mu June pamene aliyense wavala juzi.

Munthu yemweyo akakakhala ku Leeds, ku Glasgow kapena ku Toronto, chizolowezi chimenechi chimamutembenukira. M'mawa wina mu January amakoka kandodo ka mawaipa, madzi osatuluka, mawaipa n'kumangopaka matope pagalasi ponse. Zikatere ambiri amafulumira kunena kuti pampu yafa, n'kuthamangira kukagula yatsopano. Komatu nthawi zambiri pampuyo imakhala ilibe mlandu. Vuto limayambira pa madzi amene anathiridwa m'thanki, ndipo munthu wofufuza mwadongosolo angathe kulipeza ndi khutu, maso ndi zida zochepa chabe.

Kuona njira si nkhani yamasewera

M'mayiko ozizira kwambiri aboma amawaza mchere m'misewu kuti madzi asaundane paphula. Ku Britain wambiri mwa mchere umenewu umakumbidwa pansi pa nthaka ku Winsford, m'chigawo cha Cheshire. Mcherewo ukasakanikirana ndi chipale chofewa chosungunuka komanso litsiro la mumsewu, matayala a malole amauwazira m'mwamba, n'kugwera pagalasi la amene akubwera pambuyo. Pagalasi lofunda umauma msanga n'kusiya utoto wotuwa umene mawaipa paokha sangauchotse. Dzuwa la m'nyengo yachisanu nalo limayenda motsika, moti likawomba pagalasi lotuwalo woyendetsa saonanso chilichonse. Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imadutsa pafupifupi mamita 28 pa sekondi iliyonse. Masekondi anayi osaona kanthu ndiye kuti mwayenda mamita oposa 100 mongoganizira.

N'chifukwa chake malamulo sanyengerera pa nkhaniyi. Ku England, Scotland ndi Wales galimoto ikakwanitsa zaka zitatu imayesedwa chaka chilichonse pa mayeso otchedwa MOT, ndipo ngati madzi otsukira galasi sakutuluka mokwanira, imalephera. Buku la malamulo a pamsewu la kumeneko, Highway Code, limalamulanso woyendetsa kuchotsa ayezi ndi chipale chofewa pamagalasi onse asananyamuke.

Njira imene madzi amadutsa

Mawaipa anayamba, madzi n'kubwera pambuyo. Mary Anderson wa ku Alabama anapatsidwa chiphaso cha umwini wa chopukutira galasi mu 1903, ataona woyendetsa sitima ya mumsewu ku New York akuvutika kuona njira m'nyengo yachisanu. Kampani ya Trico ya ku Buffalo ndi imene inabweretsa chopopera madzi mu 1936. Kwa zaka zambiri Volkswagen Beetle inalibe n'komwe pampu yamagetsi, madzi ankakankhidwa ndi mpweya wa m'tayala lasipeya. Masiku ano pafupifupi galimoto zonse zimatsata dongosolo limodzi, ndipo muli njira ziwiri zofunika kuzidziwa: ya madzi ndi ya magetsi.

Njira ya madzi imayambira m'thanki ya pulasitiki. Pansi pa boneti mumangoona khosi lake ndi chotsekera chokhala ndi chithunzi cha galasi ndi madzi akutumphuka, koma m'galimoto zambiri zamakono thanki yeniyeniyo imabisala kunsi, kuseri kwa bampala, pafupi ndi tayala lakutsogolo. Chakumunsi kwa thankiyo kumasomekedwa pampu yaing'ono yokwana m'dzanja. Mlomo wake umalowa m'kamphira kotseka bowo kuti pasadonthe, ndipo kawirikawiri kamphirako kamakhala ndi kasefa kogwira zinyalala. M'kati mwa pampu muli kamota koyendera mavoti 12 ndi kachiwilo ka timapiko kamene kakazungulira kamakankhira madzi m'paipi. Paipiyo imakwera kudutsa m'mbali mwa injini, panjira n'kukumana ndi kavalavu koletsa madzi kubwerera m'thanki, kenako n'kukathera pa timilomo topopera tokhala paboneti, kunsi kwa galasi kapena pamawaipa penipeni.

Njira ya magetsi imachokera ku batire n'kudutsa pa fyuzi. Fyuzi ndi kawaya kopyapyala kamene kanapangidwa dala kuti kazipsa magetsi akachuluka, n'cholinga choti zipangizo zodula zipulumuke. Kuchoka apo magetsi amayembekezera pa swichi ya kandodo kamene mumakoka pambali pa chiwongolero. M'galimoto zina swichiyo imangotumiza uthenga ku relay, yomwe ndi swichi ina yoyendera magetsi, kapena ku kakompyuta ka galimoto. Potsiriza magetsi amafika pa pulagi ya pampu n'kubwerera kudzera pa waya wa earth, wolumikizidwa ku chitsulo cha galimoto. Paliponse pamene njira ziwirizi zaduka, zotsatira zake n'zofanana: galasi louma.

Zimene chisanu chimachita

Madzi amaundana pa madigiri 0, ndipo akamaundana amafufuma n'kuwonjezera kukula kwake ndi pafupifupi magawo 9 pa 100 alionse. Amene anaiwalapo botolo lodzaza madzi m'firiza amadziwa mmene limatupira kunsi, nthawi zina mpaka kung'ambika. N'zomwezo zimene zimachitikira thanki, paipi ndi pampu.

Kuundanaku sikuchitika paliponse nthawi imodzi. Timilomo ndi timene timayamba, chifukwa tili panja ndipo madzi ake ndi kadontho chabe. Kenako paipi, makamaka pamene yadutsa kutali ndi injini. Thanki imamalizira chifukwa madzi ake ndi ambiri, koma ikaundana imachedwanso kusungunuka, pakuti kuseri kwa bampala kutentha kwa injini sikufikako kwenikweni. Munthu akhoza kuyenda ola lathunthu injini itatentha bwinobwino, thanki ikadali gwaa.

Pampu imavulala panthawi imeneyi. Kachiwilo kake kakagwidwa ndi ayezi, inu n'kumakokabe kandodo, kamota kamalandira magetsi koma sikangazungulire. Mota yokanika kuzungulira imakoka magetsi ambiri kuposa masiku onse ndipo imatentha. Mukachita mwayi fyuzi imapsa, pampu n'kupulumuka. Mukapanda mwayi mawaya a m'kati mwa kamotako amapsa. Choncho lamulo loyamba ndi ili: mukakoka kandodo kamodzi kapena kawiri madzi osatuluka, lekani. Kukakamira n'kumene kumapha pampu imene inali yamoyo.

Yambani ndi khutu

Musanagwire sipanala, tsegulani chotsekera cha thanki muone ngati muli madzi, komanso ngati ali madzimadzi, phalaphala kapena ouma gwaa. Ngati khosi la thanki ndi lopindika moti simukuona kunsi, lowetsani kapaipi kofewa. Kakagunda cholimba kasanafike pansi, mwapeza ayezi.

Kenako imikani galimoto pamalo opanda phokoso. Tembenuzani kiyi kuti magetsi ayake koma injini isalire, zimitsani wailesi ndi fani, tsitsani galasi lapambali. Onetsetsani kuti mawaipa sanamatirire pagalasi ndi ayezi. Pemphani mnzanu akoke kandodo kwa sekondi imodzi kapena ziwiri, inu mutatchera khutu pafupi ndi bampala, mbali imene kuli thanki. Dziwaninso kuti galimoto zina zimakana kuyendetsa mawaipa boneti ikakhala yotsegula, choncho ndi bwino kuyesa itatsekedwa.

Zimene mungamve ndi zitatu. Pampu ikalira bwino ndi kamawu kake kosalala, magetsi akufika ndipo kamota kali moyo, vuto lili m'njira ya madzi. Ikangong'ung'udza motsika ngati ikulimbana ndi kanthu, yagwidwa ndi ayezi kapena yatopa. Ikakhala zii, vuto lili m'njira ya magetsi kapena pampuyo yapsa. Kumvetsera kwa masekondi ochepa kumeneku kwadula kale ntchito yanu pakati.

Galimoto ikakhala ndi waipa yakumbuyo, yesaninso kumeneko. Zambiri mwa galimoto zotere zimagwiritsa ntchito pampu imodzi yokha, imene imazungulira mbali ina potumiza madzi kutsogolo ndi mbali inayo potumiza kumbuyo. Pa galimoto ya pampu imodzi, madzi akatuluka kumbuyo koma osatuluka kutsogolo, ndiye kuti thanki, fyuzi ndi kamota zili bwino. Yang'anani paipi yakutsogolo, timilomo kapena swichi.

Pampu ikulira koma madzi sakutuluka

Mankhwala oyamba ndi kutentha. Lowetsani galimoto m'galaja kapena pamalo oimikapo galimoto a pansi pa nyumba, kumene kuzizira sikufika pa ziro, n'kuisiya maola angapo. Kuona maso a nkhono n'kudekha: thanki yodzaza ayezi ikhoza kufuna usiku wonse. Ngati m'thanki muli mpata, thiranimo mankhwala otsukira galasi osasungunula ndi madzi, athandiza kudya ayeziyo. Timilomo mungatifunditse ndi nsalu yoviika m'madzi ofunda. Koma musathire madzi otentha pagalasi lozizira, lingasweke. Ndipo musalize injini m'galaja yotseka pofuna kufunditsa galimoto, chifukwa utsi wake uli ndi mpweya wa carbon monoxide, umene sununkha koma umapha.

Zonse zikasungunuka yesaninso. Madzi akatuluka, mwatsimikiza kuti vuto linali kuundana. Akapanda kutuluka, tsatirani paipi kuchokera kumapeto. Pansi pa boneti, zulani paipi pa kamlomo kamodzi, mnzanu akoke kandodo. Madzi akatumphuka m'paipimo, kamlomoko n'kamene katsekeka. Kazipeni pang'onopang'ono ndi nsonga ya singano, osakankha mwamphamvu kuopa kukulitsa bowo, kenako kapemerereni mpweya. Akapanda kutumphuka, bwererani m'mbuyo, muzule paipi kavalavu kasanafike, kenako pa pampu penipeni. Pamene madzi ayambire kuoneka, chotsekacho chili patsogolo pake.

Yang'ananinso pansi pa galimoto. Dziwe la madzi abuluu kapena apinki kunsi kwa bampala likusonyeza kuti ayezi wang'amba thanki, waphulitsa thupi la pampu kapena wakankha paipi n'kuizula. Malo ena okonda kuthyoka ndi pamene paipi imapindika nthawi zonse, monga pa mahinjesi a boneti ndi a chitseko chakumbuyo, chifukwa mphira ndi pulasitiki zikazizira zimauma.

Ngati madzi akutuluka mofooka ngakhale pa mlomo wa pampu, kayikirani kasefa. Madzi okhalitsa, zotsalira za sopo ndiponso mankhwala osiyanasiyana osakanizidwa zimapanga ndere zoterera zimene zimamata pakasefapo. Pamafunika kuzula pampu, kutsuka kasefa ndi kutsukuluza thanki yonse.

Pali vuto lina losokoneza mutu: madzi amatuluka bwino galimoto ili chiimire, koma amaleka mukathamanga pamsewu waukulu. Galimoto ikaima, kutentha kwa injini kumafunditsa boneti ndi timilomo. Ikathamanga, mphepo imachotsa kutenthako, timilomo n'kuzizira mofanana ndi kunja. Kuwonjezera apo, mankhwala a pansonga pa kamlomo amauluka msanga n'kusiya madzi okhaokha, amene amaundana. Apa pampu ilibe vuto, madzi anu ndi amene achepa mphamvu. Galimoto zina zopangidwira mayiko ozizira zili ndi timilomo totenthetsedwa ndi magetsi pofuna kuthana ndi vuto lomweli.

Pampu ikakhala zii

Yambani ndi fyuzi, chifukwa ndi yotsika mtengo kuposa china chilichonse. Buku la galimoto kapena chithunzi cha pa chivundikiro cha bokosi la mafyuzi chikuuzani imene ili ya pampu. M'galimoto zina pampu ndi mawaipa zimadalira fyuzi imodzi, moti zonse zikafa pamodzi palibenso chokayikitsa. Izuleni ndi kopanira kapulasitiki kamene kamakhala m'bokosimo, muiyang'ane poloza kuwala. M'kati mwa pulasitiki yake yoonekera muli kachitsulo kopindika kolumikiza miyendo iwiri. Fyuzi yabwino kachitsuloko kamakhala kathunthu. Yakupsa kamaduka pakati, mwina n'kusiya kabanga kakuda. Ikani ina ya nambala yomweyo imene yalembedwa pamwamba pake, kaya ndi 10, 15 kapena 20. Musaike ya nambala yaikulu, ndipo musamange waya kapena pepala lasiliva m'malo mwake, chifukwa mukatero chopsa chidzakhala mawaya a galimoto. Musayesenso fyuzi yatsopano thanki isanasungunuke, ingapse nthawi yomweyo. Ikapsanso zonse zitasungunuka, ndiye kuti kamota kawonongeka kapena pali waya wosupuka amene akukhudza chitsulo.

Fyuzi ikakhala yabwino, pitani pa pulagi ya pampu. M'galimoto zambiri pamafunika kumasula chipulasitiki chotchinga matope cha pamwamba pa tayala kuti muifikire. Zulani pulagiyo muyang'ane timano take. Malo amenewa amamwa madzi amchere a mumsewu nyengo yonse yachisanu, choncho si zachilendo kupeza timanoto titachita dzimbiri lobiriwira. Tipaleni bwino, tiume, mubwezeretse n'kuyesanso. Pampu zambiri zoganiziridwa kuti zafa zimadzuka pompo.

Ikapanda kudzuka, tengani multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, kapena kababu koyesera. Gwiritsani nsonga zake ziwiri pa timano ta pulagi yochokera ku galimoto, mnzanu akoke kandodo. Mukaona mavoti pafupifupi 12, magetsi akufika, ndipo tsopano muli ndi umboni wokwanira woti pampu yafa. Mukapanda kuona kanthu, pampu siyeni, vuto lili kumbuyo: pa swichi, pa relay, pa waya woduka kapena pa earth yadzimbiri. Ngati galimoto ndi yamakono moti pampu imalamulidwa ndi kompyuta, apa ndi pofunika makaniko wa zamagetsi, osati kumangolumikiza mawaya mwachisawawa.

Pampu yokalamba ili ndi khalidwe lakenso. Masana kukafunda imagwira ntchito, m'mawa kukazizira imakana kapena imalira mwaulesi ngakhale madzi sanaundane. Kuzizira kumalimbitsa mphira wa m'kati mwake, madzi osakaniza mankhwala amakhuthala pang'ono, batire nalo limafooka. Pampu yatsopano imapirira zonsezi, koma yotopa imagonja. Yotereyi isintheni isanakusiyeni panjira.

Kusintha pampu

Ntchitoyi si yovuta mukaifikira thanki. Zimitsani magetsi, ikani beseni pansi chifukwa madzi onse akhuthuka. Zulani pulagi ndi paipi, ndipo ngati mapaipi ali awiri ikani chizindikiro kuti musawasinthanitse, apo ayi mukakoka kandodo ka kutsogolo madzi azidzatuluka kumbuyo. Gwirani pampu muigwedeze pang'ono uku mukuikoka, ituluka m'kamphira kake. Chotsani kamphirako, ikani katsopano mutakanyowetsa, kenako kankhirani pampu yatsopano mpaka ikhazikike. Thirani madzi pang'ono muone ngati pakudontha musanatseke zonse. Pogula onetsetsani kuti pulagi yake ndi chiwerengero cha milomo yake zikufanana ndi yakaleyo. Ndipo musailize nthawi yaitali m'thanki mulibe madzi, chifukwa kuzungulira youma kumaiwononga.

Madzi oyenera kuthira

Sopo amachotsa litsiro koma saletsa madzi kuundana. Chimene chimaletsa ndi mankhwala a mtundu wa mowa amene amaikidwa m'madzi ogula m'sitolo, amene ku Britain amawatcha screenwash. Methanol payekha amaundana pa madigiri pafupifupi 98 kunsi kwa ziro, ethanol pa madigiri 114 kunsi kwa ziro. Akasakanizidwa ndi madzi, kuundana kumatsika malinga ndi kuchuluka kwake. Pa botolo lililonse pamalembedwa mlingo wa kuzizira umene lingapirire. Ena amagulitsidwa osakaniza kale, ena amafuna kusungunula, ndipo muyezo wa m'chilimwe ndi wosiyana ndi wa m'chisanu. Ku Canada si zachilendo kuona mabotolo olembedwa madigiri 40 kunsi kwa ziro. Ku Britain kuzizira sikufika pamenepo, koma ku Scotland kunalembedwapo madigiri 27.2 kunsi kwa ziro, ku Braemar mu 1982 ndi ku Altnaharra mu 1995. Sankhani madzi opirira kuzizira koposa kumene mukuyembekezera, chifukwa cha kuuluka kwa mankhwala pansonga za timilomo kuja.

Methanol ndi poizoni woopsa. Wochepa chabe akamwedwa akhoza kuchititsa khungu kapena kupha, ndipo n'chifukwa chake kuyambira mu 2019 mayiko a European Union analetsa kugulitsa kwa anthu wamba madzi otsukira galasi okhala ndi methanol wofika magawo 0.6 pa 100. Ku North America akugwiritsidwabe ntchito. Madziwa amakhala ndi mtundu wokopa ngati chakumwa, choncho asungeni kutali ndi ana ndipo musawathire m'botolo la zakumwa. Musathirenso antifreeze wa m'radiyeta m'thanki imeneyi. Amapaka mafuta pagalasi ndipo amawononga penti.

Madzi a pampopi okhaokha ali ndi vuto lina limene limakhudza ngakhale okhala kotentha. Mu 2010 bungwe la zaumoyo la Health Protection Agency linapeza kuti ku England ndi Wales oyendetsa galimoto osathira mankhwala m'thanki anali pachiopsezo chachikulu chodwala chibayo chotchedwa Legionnaires. Tizilombo ta matendawa timaswana m'madzi ofunda okhalitsa, ndipo munthu amatipuma madziwo akapoperedwa.

Kukonzekera chisanu chisanafike

Nthawi yabwino yochita zonsezi ndi pamene kunja kukadali kofunda: mu October kwa okhala ku Europe ndi North America, mu May kwa okhala ku Johannesburg ndi madera okwera oyandikana nawo, kumene m'mawa wa mu June ndi July kuzizira kumatha kutsika kupitirira ziro. Kuthira mankhwala amphamvu pamwamba pa madzi akale sikokwanira, chifukwa amasungunuka n'kuchepa mphamvu. Maliziranitu akalewo, popopera pang'onopang'ono kapena powakoka ndi paipi, kenako dzazani atsopano. Mukatero poperani kutsogolo ndi kumbuyo mpaka muone mtundu wa madzi atsopanowo pagalasi. Ambiri amaiwala mbali imeneyi, n'kudabwa kuti thanki ili bwino koma paipi yaundana ndi madzi a m'chilimwe. Sunganinso m'galimoto botolo la mankhwalawa, nsalu ndi mafyuzi angapo.

Zikakukanikani muli kale pamsewu, galasi n'kuyamba kutuwa, chepetsani liwiro, talikiranani ndi galimoto yakutsogolo, ndipo patukani pamalo oyamba otetezeka. Thirani mankhwala a m'botolo pagalasi, pukutani, kenako pitirizani mpaka pamene mungakonzere vutolo. Ngati pafunika kuima kangapo, imani kangapo. Kuntchito mungafike mochedwa n'kupepesa, koma pamsewu pali ana opita kusukulu ndi okwera njinga amene moyo wawo ukudalira kuti inuyo muwaone nthawi ikadalipo.